Chipata Chodikira Maina a Mfumu

Dziko la Tidzaonamawa musalifune pa mapu, chifukwa amene anatumidwa kukalilembetsa akadali m'njira. Likulu lake ndi Dikirani, ndipo pa nthawi ya nkhani ino kunkalamulira Mfumu Chitamandeni Wachitatu, munthu wosavuta konse malinga umutchule bwino.

Kumutchula bwinoko ndiye inali ntchito. Mwambo wa dzikolo unkati aliyense wogwira ntchito ya boma, kaya ndi kutsegula msonkhano, kaya kudinda chidindo, kaya kungotseka zenera la ofesi, ayambe wagwada, awombe m'manja, kenako atchule maina onse aulemu a Mfumu, mosathamanga ndi mosadumpha. Wodula mainawo pakati ankatumizidwa ku chigawo cha Kosabwerera, chimene sichifuna kufotokozera. Mainawo anali asanu ndi anayi, ndipo sanali timaina tachidule ayi. Panali Njovu Yosabwerera M'mbuyo Ngakhale Yaiwala Kanthu, panali Mlimi Wamkulu Wosadetsa Manja, panalinso Tate wa Ana Onse Kuphatikizapo Amene Akudza. Moto ukabuka ku Dikirani, ozimitsa moto ankafika msanga ndithu, n'kugwada, ndipo pamapeto pake phulusa ankalithira madzi mwaulemu kwambiri.

M'bwalo la Mfumu munali mkulu wina dzina lake Lufeyo Kamtedza, amene udindo wake unali Mtsimikizi wa Ufumu. Ntchito yake inali kuona ngati chinthu chidzachitadi zimene achipangira, osati pa tsiku la mwayi lokha, koma nthawi zonse, zivute zitani. Ankatenga khala n'kulemba pakhoma funso loyamba ndi "nanga", pansi pake "nanga" wina, pansinso wina, mpaka njira zonse zimene chinthucho chingalowere zitatha. Anthu ankati mawu akuti "mwina" sanatulukepo pakamwa pake chibadwire. Ngakhale pofunsira mbeta, Nangozo atamufunsa ngati adzamusunga, Lufeyo anapempha kuti akayambe waganiza, ndipo anabwerako mwezi utatha ndi yankho lakuti, "Inde, malinga ndikhale ndi moyo." Nangozo anaseka mpaka misozi, n'kumulola. Iye ankagulitsa nthochi pa msika wa Pompano, ndipo mwamuna wakeyo ankamukonda pamodzi ndi makala ake omwe.

Ndiye kunabwera njanji. Inadula Dikirani pakati: nyumba yachifumu, maofesi ndi nyumba za anthu zinatsala kumtunda, msika unatsala kumunsi. Mbali zonse ziwiri anakhomako waya waminga, n'kusiya powolokera pamodzi pokha. Vuto linali lakuti sitima inkatulukira kuseri kwa chitunda cha Gubuduza ili pa mtsetse, moti munthu ankaiona ili kale pamphuno, ndipo mabuleki ake pamenepo anali ongopereka malangizo. Amisiri anaika chipata cha zitsulo uku ndi uku pa powolokerapo, ndipo pamwamba pa chitunda anaikapo waya woti sitima ikamuponda, belu lizilira m'kanyumba ka mlonda. Ulondawo anapatsa a Tsokalida, mkulu amene anakalambira pa ntchito yotamanda Mfumu, ndipo dzina lililonse ankalitafuna bwinobwino asanalimeze.

Bwalo linakumana. Atatha kulitsegula, dzuwa lili pamutu, Mfumu inafunsa funso lake.

"Belu likalira, a Tsokalida agwade, awombe m'manja, atchule maina anga, atseke chipata. Kodi adzatseka sitima isanafike?"

Woyamba kuimirira anali Dokotala Kawirikawiri, Nduna ya Zoyesa, munthu wa mimba yosangalala amene Lufeyo ankamuona ngati wamaula wovala taye.

"Mwinidziko, chinthu timachidziwa pochiyesa," anatero Kawirikawiri. "Ndipatseni wilibala, asilikali ochepa ndi nyemba."

Pabwalo la nyumba yachifumu anajambulapo njanji ndi phulusa. Wilibala inakhala sitima, msilikali wina n'kumaikankha, asilikali ena n'kumayerekeza kuwoloka. Ulendo uliwonse Kawirikawiri ankapisa dzanja mumphika wa timiyala osayang'ana, ndipo kamwala kotulukako ndiko kankanena ngati sitima ya ulendowo ndi yolemera kapena yopepuka, ngati njanji yanyowa, ndiponso ngati a Tsokalida atsokomole panjira. Chipata chikatsekeka bwino ankaponya nyemba yoyera m'lichero, wilibala ikagunda msilikali ankaponya yofiira. Anayesa maulendo chikwi, ndipo lichero linadzaza mbuu, popanda yofiira ngakhale imodzi.

Lufeyo sanachite nazo chidwi. Nyemba sizinama, ankatero, koma zimangonena za masiku amene zaona. Iye anayamba ndi khoma la chipinda cha bwalo. Nanga sitima itadzaza fodya? Nanga itadzaza fodya, mvula n'kugwa? Nanga zonsezo zitachitika, a Tsokalida n'kutsokomola pa dzina lachitatu? Nanga pa lachinayi? Khoma linatha, analowera pakhonde, natulukira kukhitchini, ophika n'kumasuntha miphika kuti "nanga" adutse. Atamaliza anaima pamaso pa Mfumu manja ali bii.

"Mwinidziko, sitima ikathamanga kuthamanga kwake konse, kuchoka pa belu kufika pa chipata imatenga nthawi yotchulira maina khumi. Maina anu ndi asanu ndi anayi. Dzina limodzi lotsalalo likwanira kutsokomola kamodzi ndi kukankha chipata. Chidzatsekeka nthawi zonse, malinga maina akhale asanu ndi anayi."

Bwalo lonse linamva mpaka pa "nthawi zonse". Mawu otsatirawo anamira m'nthungululu. Nduna Yaikulu, a Zilibwino, inaimirira misozi ili m'maso, niti chimwemwe chotere sichingapite chabe, ndipo inapempha Mfumu kuti ilandire maina awiri atsopano: Wotseka Chipata Ngozi Isanalowe, ndi Woyamba Kubweretsa Utsi Woyenda Pansi. Mfumu inakana kamodzi mwaulemu, n'kulandira. Maina anakhala khumi ndi limodzi.

Tsiku lomwelo kunatuluka lamulo, ndipo wolengeza analiwerenga pakati pa msika wa Pompano. Popeza chipata chatsimikizidwa ndi makala komanso nyemba, aliyense wopezeka akuyang'ana kumanja kapena kumanzere powoloka njanji ndiye kuti akukayikira chipata cha Mfumu, ndipo wokayikira chipata wakayikira mwini wake.

"Zikomo kwambiri," anatero mayi wina wogulitsa anyezi. "Khosi langali linkafuna tchuthi kalekale."

"Nanga kumvetsera?" anafunsa wopala mipini. "Makutu aloledwa?"

"Akambirana mawa," anayankha wolengeza.

"Chabwino. Ikatigunda, tidzafa motsata lamulo," anatero wopala mipini uja.

Kawirikawiri anabwereza kuyesa kwake ndi maina khumi ndi limodzi. Masiku ambiri sitima sithamanga kuthamanga kwake konse, choncho lichero linayeranso, koma apa ndi apo munali tinyemba tofiira. A Zilibwino analandira licherolo pakhomo la bwalo, nakhala pansi n'kuyamba kusankha monga amachitira munthu wofuna kuphika. Mfumu inaona zoyera zokhazokha, ndipo zofiirazo zinadyedwa ndi nkhunda za kunyumba yachifumu.

Lufeyo sankafuna nyemba kuti adziwe. Pakhoma lake panali njira imodzi yoonekeratu: sitima yodzaza fodya, njanji yonyowa, chipata chikadali chotsegula. Ndipo mitambo inali itayamba kale kusonkhana kuseri kwa Gubuduza. M'mawa uliwonse ankaima pakhonde kuyang'ana Nangozo akutsika kupita kumsika, dengu la nthochi lili pamutu. Munthu wosenza dengu satembenuka msanga ngakhale lamulo litamulola. Lufeyo anachita mantha, mantha enieni, amene sanathe kuwalemba pakhoma.

"A Nangozo, bwanji muyambe mwapumula kumsikako?" anatero tsiku lina akumuthandiza kusenza.

"Nthochi zimapumula, a Kamtedza? Zipse zili m'nyumba?"

"Chipata chija sichili bwino."

"Si inu munachitsimikiza? Dziko lonse likuimba dzina lanu."

"Ndinati malinga."

"Malinga wanuyo ndine ndekha ndimamumva, poti ndinakwatiwa naye. Kauzeni Mfumu kuti maina achuluka."

"Mukufuna muzikandiona ku Kosabwerera?"

"Kumeneko saonako munthu." Nangozo anakonza nkhata yake. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, bambo. Ine ndapita, makasitomala anga sadziwa za maina."

Lufeyo anapita kwa a Zilibwino, nalankhula mozungulira ngati woponda pa minga. Kodi waya wa belu sangasunthidwe kuti alire sitima ikadali kutali? A Zilibwino anati kuseri kwa Gubuduza ndi dziko la Asatiuze, ndipo Mwinidziko sanalankhulane ndi Mfumu ya kumeneko chiyambire mkangano wa kuti mwezi umayamba kuwala kwa yani. Kodi sitima singatsike pang'onopang'ono? A Zilibwino anati sitima ya Mfumu sichedwa, ndipo zimenezo zinalembedwa kale m'malamulo. Kodi a Tsokalida sangafulumizeko lilime? A Zilibwino anafunsa ngati Lufeyo akutanthauza kuti maina a Mwinidziko ndi ndiwo zotentha zoti munthu azimeza mothamanga.

"Nanga mainawo..." anayamba Lufeyo.

A Zilibwino anatseka makutu ndi zala zonse ziwiri.

"Sindinamve, a Mtsimikizi. Ndipo poti ndimakukondani, sindidzamvanso."

Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Lufeyo anatuluka mutu uli pansi, ndipo miyendo inamufikitsa yokha pa chipata. Anapeza a Tsokalida ali panja pa kanyumba kawo, atagwira chingwe cha mbuzi imene anali atangogula kumsika, mbuzi yonenepa ya mawanga, ndipo ankaionetsa kwa aliyense wodutsa. Lufeyo asanapereke n'komwe moni, belu linalira. A Tsokalida anagwa pa mawondo pomwepo. Kuti awombe m'manja anataya chingwe, ndipo mbuzi sinadikire kuuzidwa. Inadumpha njanji, n'kulowera kumsika chingwe chikukwekwereka pambuyo. Mkuluyo anapitiriza kutchula maina mosathamanga ndi mosadumpha, maso akutsata mbuzi yake. Tsikulo sitima inali yopanda katundu, choncho chipata chinatsekeka nthawi ikadalipo.

Anthu anaseka, koma Lufeyo anaima chilili. Zaka zonsezi ankaganiza kuti ku Tidzaonamawa kulibe chinthu chochitika nthawi yomweyo. Chinalipo chimodzi. Munthu wa dziko lino akamva za Mfumu, dzanja limataya chilichonse chimene lagwira, ngakhale mbuzi yake yomwe.

M'mawa mwake anapempha kulankhula m'bwalo, ndipo anavala nkhope ya munthu wovulala mumtima.

"Mwinidziko, ndabwera kudzadandaula. Kodi n'zoona kuti maina anu, maina olemera chotere, tiziwagwiritsa ntchito yotsekera? Kutseka ndi ntchito ya loko. Maina a Mwinidziko ayenera kutsegula."

Mfumu inasuntha pampando. "Pitirizani."

"Chipata tichipachike m'mwamba ndi chingwe, a Tsokalida azigwira chingwecho. Belu likalira, iwo agwade n'kuwomba m'manja monga mwa mwambo. Chingwe chidzapulumuka, ndipo chipata chidzagwa chokha, kugwadira Mwinidziko. Chikagwada chotero chisadzukenso mpaka maina onse atatchulidwa. Anthu azidziwa kuti chowatsegulira njira ndi dzina lanu."

"Chitsulo n'kumandigwadira?"

"Zitsulo ziwiri, Mwinidziko. Uku ndi uku."

Mfumu inayang'ana a Zilibwino ngati ikufunsa chifukwa chake iwo sanaganize zimenezi. A Zilibwino anafulumira kunena kuti analota zomwezo Lachiwiri lapitalo.

Amisiri anapachika zipata zonse ziwiri pa chingwe chimodzi, nasiya kadanga m'mbali mwa njanji koti wogwidwa pakati abisalepo. Lufeyo anatenga khala, ndipo ulendo uno sanafune khonde kapena khitchini. Mizere inali yochepa. Sitima ilemere, mvula igwe, a Tsokalida atsokomole mpaka madzulo, maina akhale khumi kapena zana: belu likalira, manja awomba, chipata chagwa. Anafunafuna poti aikepo "malinga", osapapeza. Anabwerera kunyumba akuimba mluzu, chinthu chimene Nangozo anali asanachimvepo, moti anamugwira pamphumi kuona ngati watentha thupi.

Kawirikawiri anatulutsanso wilibala yake, ndipo lichero linayera popanda wosankha. Koma pokumana ndi Lufeyo pakhonde anamukoka malaya.

"Achimwene, wilibala yanga sikugundanso munthu, zimenezo n'zoona. Komano asilikali owoloka aja akudandaula miyendo. Akuti akuima nthawi yaitali."

"Kuima sikupha munthu, a Dokotala."

"Ndangonena. Nyemba ya zimenezo ndilibe."

Mvula inabwera, sitima zodzaza fodya zinatsika Gubuduza zikulilima, ndipo chipata chinkagwa nthawi yake. Palibe anagundidwa, ngakhale nkhuku. Mfumu inkapita yokha kukaonerera zitsulo zikuigwadira, ndipo zinaikomera kwambiri moti inalamula kuti sitima zichuluke, kuti kugwadako kuzichitika pafupipafupi. Pamene katundu anasowa, sitima zinkangokwera ndi kutsika zopanda kanthu. Nazo nduna zinaona pamene pali mtima wa Mfumu. Nduna ya Zamalimidwe inapereka dzina lakuti Wogwadiridwa ndi Zitsulo. Nduna ya Zamadzi, poopa kutsalira, inapereka awiri. Wofuna kukwezedwa pa ntchito ankabwera ndi dzina, wofuna kukhululukidwa mlandu ankabwera ndi atatu. Lufeyo ankamva zonsezi mtima uli m'malo, chifukwa pakhoma pake panalembedwa kuti maina angachuluke bwanji, Nangozo sadzagundidwa.

Anthu a pa chipata anazolowera. Poyamba ankadikira ataimirira, kenako anayamba kubwera ndi timipando. Wometa wina anatsegula malo ake pomwepo, ndipo ankati munthu akakhala pansi pa Njovu Yosabwerera M'mbuyo, pofika pa Wogwadiridwa ndi Zitsulo amakhala atametedwa ndevu zomwe. Nangozo ankafika kunyumba mochedwerapo mwezi uliwonse, koma ankafika, dengu lili lopanda kanthu, chifukwa anthu odikira amamva njala.

Ndiye linafika tsiku lokumbukira kumera kwa dzino loyamba la Mfumu, limene ku Tidzaonamawa ndi chikondwerero chachikulu. Nangozo anawoloka m'mamawa ndi nthochi zambiri. Masana, m'bwalo, zigawo zonse za dziko zinapereka mphatso zawo, ndipo popeza chaka chimenecho zokolola zinavuta, chigawo chilichonse chinabweretsa maina. Ngakhale a ku Kosabwerera anatumiza awo. Wolengeza anathamanga nawo ku chipata n'kuwapereka kwa a Tsokalida.

Belu linalira, chipata chinagwa, sitima inadutsa, a Tsokalida anayamba. Anatchula akale, nalowa m'atsopano, ndipo atatsala pang'ono kumaliza belu linaliranso. Sitima ina inali itafika pa Gubuduza. Tsono mwambo ndi mwambo. Belu likalira munthu amawomba m'manja n'kuyambira pa dzina loyamba, pakuti kuyambira pakati n'chimodzimodzi kudula. A Tsokalida anawomba m'manja, nabwerera kwa Njovu. Atatsalanso pang'ono, belu linalira.

Lufeyo anafika pa chipata dzuwa litapendeka, kudzachingamira mkazi wake monga ankachitira pa masiku a chikondwerero. Anapeza khamu la anthu uku ndi uku. Anamvetsera ulendo umodzi, wachiwiri, wachitatu, ndipo sanafune khala kuti aone chimene chachitika. Maina anali atatalika kuposa mpata wa pakati pa sitima ndi sitima inzake. Kutsidya, pakati pa zitsulo, anaona duku la Nangozo.

Boma silinachedwe kuchitapo kanthu. A Tsokalida anawapatsa anzawo awiri oti azisinthana nawo mawu akasasa. Kenako kunatuluka chikalata chothokoza Mtsimikizi wa Ufumu, chonena kuti chiyambire tsiku la dzino palibe munthu ngakhale mmodzi amene wapezeka pa njanji, chinthu chimene maiko ena akuchilephera. Lufeyo anamuveka mendulo. Mfumu inalandira dzina lakuti Amene mu Ulamuliro Wake Njanji Inapuma, ndipo nalonso analitumiza ku chipata.

"Kale tinkaopa kufa popita kumsika," anatero wopala mipini, amene anatsekeredwa kumtunda mipini yake ili kumunsi. "Pano tili moyo ndithu. Chongosowa n'chakudya."

"Ife kuno chakudya chilipo," anayankha mayi wa anyezi kutsidya. "Chongosowa ndi mabulangete."

Posakhalitsa anthu anaphunzira kuponyerana. Kabichi ankauluka kupita kumtunda, zofunda zinkauluka kupita kumunsi, ndipo lamulo linalibe nazo mawu chifukwa kabichi sayang'ana kumanja kapena kumanzere. Koma munthu saponyeka. Nangozo ankagona kwa mng'ono wake kuseri kwa msika, ndipo Lufeyo ankadzuka m'nyumba ya zii, mendulo ili pa msomali. Walira mvula walira matope. Anayenda khoma lake lonse kuyambira kubwalo mpaka kukhitchini, kufuna polakwika, ndipo panalibe. Zonse zimene analonjeza zinachitika. Anamusowa mkazi wake koopsa, ndipo chomupweteka kwambiri chinali chakuti chingwecho anachipempha ndi pakamwa pake.

Kubwerera kwa Mfumu sakanatha. Akanati chiyani, kuti zitsulo zileke kugwada? Pamapeto pake anavula chipewa n'kukagogoda kwa munthu amene ankamutcha wamaula.

"A Dokotala, ndabwera kudzafunsa nyemba."

Kawirikawiri sanamuseke, ngakhale mpata unalipo. Anamupatsa mpando.

"Funso n'lotani, achimwene?"

"Kodi chipata chija chidzatsegukanso?"

"Khoma lanu likuti bwanji?"

"Likuti sitima ya Mfumu sichedwa. Ngati sichedwa, sichidzatseguka."

"Pakhoma sichedwadi," anatero Kawirikawiri, nayang'ana kukhomo ngati kuli womvetsera. "Koma ine ndimacheza ndi oyendetsa. Malasha amanyowa. Ng'ombe za ku Asatiuze zimagona pa njanji, ndipo sizidziwa malamulo athu. Zimenezi mumphika mwanga ndinaziikamo kale, kungoti sindinauze a Zilibwino."

Anaitana asilikali, wilibala inatuluka, ndipo ulendo uno nyemba yoyera inali ya chipata chotseguka. Lufeyo anakhala pa chitsa tsiku lonse, maso ali pa dzanja lolowa mumphika, munthu amene kale ankadutsa pabwalopo atayang'ana kumbali. Zofiira zinagwa, zinagwanso, lichero linafiira. Dzuwa litapendeka Kawirikawiri anapisa zala m'licheromo, nafufuza, natulutsa tinyemba toyera tokwana m'kadzanja ka mwana.

"Ndi zimenezi, achimwene. Sindingakuuzeni kuti ndi liti, ndipo akawonjezera maina zicheperanso. Koma zilipo."

Lufeyo anatola imodzi n'kuiika m'thumba la malaya.

M'mawa mwake anapita ku chipata ndi kampando kake ngati wina aliyense. Nangozo anali kale kutsidya, atatsamira zitsulo, dengu lili pambali. Pakati pawo panali njanji ziwiri zonyezimira ndi kabichi mmodzi amene sanafike. Anadikira sitima idutse kuti amvane.

"Mwadzuka bwanji, a Kamtedza? Mwaonda."

"Ndadzuka. Kaya inu, a Nangozo?"

"Ine ndili bwino, malonda akuyenda. Paja munatsimikiza kuti sitima sidzandigunda."

"Ndinatsimikiza."

"Sinandigundedi. Pamenepo ndiye ndikuyamikeni." Nangozo anathyola nthochi imodzi n'kuiponya, ndipo inagwera pamiyendo pa mwamuna wake. "Nanga zakuti ndidzafika kunyumba, munatsimikiza?"

Lufeyo anayang'ana nthochiyo.

"Funso limenelo sindinalilembe pakhoma."

"Khoma lonse lija? Mpaka kukhitchini?"

"Ndinkangoopa kuti mungafe. Zoti muzibwera madzulo ndinkaziona ngati dzuwa, zosafuna kufunsa."

Nangozo anakonza duku lake n'kuyang'ana pansi.

Pambali pawo a Tsokalida anali pa mawondo, mawu ali osasa, akuyenda ndi maina mosathamanga ndi mosadumpha. Anadutsa a nduna, nadutsa a zigawo, nalowa a ku Kosabwerera, malo amene belu linkawadulira nthawi zonse. Belu silinalire. Wometa anaimitsa lumo. Mayi wa anyezi anayamba kumanga katundu wake mwakachetechete. Anthu a mbali zonse ziwiri anangoti zii, nkhope zili kutsogolo monga mwa lamulo, makutu onse ali ku Gubuduza, ndipo mumtima aliyense ankapempherera ng'ombe za ku Asatiuze kuti zigone tulo tabwino. Panatsala maina atatu.

Nangozo anasenza dengu lake, nalankhula motsitsa mawu.

"A Kamtedza, inu simunandinamizepo. Chitseguka?"

Lufeyo anapisa dzanja m'thumba, nagwira kanyemba kaja.

"Mwina," anatero.

Ndipo anaimirira, napinda kampando kake, n'kukonza kolala ya malaya.